Nyundo Inagwera Kumanja

Johannesburg
6 Julaye 2024

Okondedwa ababa ndi amayi,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi achimwene a Rayyan. Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah, kupatula kuzizira. Amene amadandaula ndi chiperoni cha ku Blantyre sanagonepo ku Joni mwezi wa Julaye.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Ababa foni mumaiyankha ngati ikukuotchani khutu, "Eya, tili bwino, lankhula ndi amayi ako," basi mwathawa. Ndiye ndaona kuti pepala mwina muliwerenga mpaka kumapeto. Komanso pali katundu. A Hawkins, aja amanyamula katundu wa anthu pa basi pakati pa Joni ndi Blantyre, akupatsani kabokosi. Chonde musakatsegule ndi sizasi yodulira malata.

M'kabokosimo muli rekoda yaing'ono ndi timaikolofoni tiwiri timene munthu amavala m'makutu. Timajambula mawu ndendende momwe makutu a munthuyo akumvera: chakumanzere chimakhala kumanzere, chakumbuyo kumbuyo, chapatali patali. Wina akadzavala mahedifoni n'kumvetsera, amakhala ngati wakhala pamalo pomwe panali wojambulayo, mpaka amacheuka galu akauwa kumbuyo. Izi ndi zimene ndakhala ndikuphunzira kuno, zija ababa mumati sukulu ya phokoso.

Chaka chino n'chomaliza, ndipo wophunzira aliyense ayenera kupanga pulojekiti yake imene anthu adzaimvetsere pa chionetsero cha pa 8 Novembala. Anzanga ena akujambula mbalame, ena masitima. Ine ndinauza aphunzitsi kuti ndikufuna anthu adzalowe m'mutu mwa mmisiri wokhoma ndowa wa ku Ndirande, amve dziko momwe iye amalimvera. Anandifunsa ngati ndikumudziwa mmisiri wotero. Ndinaseka.

Ababa, pempho langa ndi ili. Muvale timaikolofoniti m'mawa umodzi, mukhale pa shedi panu, mugwire ntchito monga mwa masiku onse. Musavale malaya a Idi, musayese kulankhula Chingerezi. Mungokhoma basi. Achimwene akakusindikizireni batani lofiira, kenako akajambulenso msika, azana ya pa mzikiti wathu, ndi lata lija linayalidwa pangalande, limene limalira munthu aliyense akaponda pobwera kuchokera ku siteji. Lata limenelo ndimalilota. Mawu ojambulidwawo ndi olemera, pa foni bandulo ingathe tisanayambe n'komwe, ndiye kakhadi ka m'rekodamo mukapereke kwa a Hawkins pobwerera.

Mundilembere nkhani zapakhomo. Kodi mpapaya uja unabereka, kapena ukungodya malo ngati achimwene?

Ndine mwana wanu,
Shamsa

Ndirande
25 Julaye 2024

Chemwali,

Wa alaikum salaam. Tonse kuno tili bwino. Mpapaya unabereka, ine ndiye sindinabereke, ndiye usiye kutiyerekeza.

Kabokosi kako kanafika bwinobwino. Koma unalakwitsa chinthu chimodzi, unatchula zoti anthu akunja adzamvetsera. Amayi atangomva zimenezo anasesa bwalo kawiri, anatsekera nkhuku m'khola, n'kupita kwa aneba athu a Olive kuseri kukapempha kuti azimitse wailesi. Ana a pa mpopi anawathamangitsa ndi tsache. Ndinawauza kuti makinawa saona, amangomva, iwo akuti umve nawonso umamveka. Ndiye choyamba chimene upeze pa kakhadiko ndi nyumba yathu itavala suti.

Msika ndakujambulira wonse, kuyambira pa benchi yanga yokonzera mafoni mpaka kwa ogulitsa nsomba. Anthu amandiyang'ana ngati wapenga chifukwa ndimayenda pang'onopang'ono osayankha moni. Kondakitala wina anandikoka malaya kuti ndikwere ya ku Limbe, umumva bwino, ali kumanja. Azana ndinajambula ya Lachisanu. Lata lako lapangalande liliponso, ndinadumphapo mpaka a Olive anatuluka kudzafunsa ngati zili bwino m'mutumu.

Za ababa, akupereka moni. Kalata yako inawerengedwa yonse mpaka kumapeto, usadandaule. Kungoti panopa ali ndi oda ya mbaula zambiri, ndiye akuti adzavala timaikolofoni tako akapeza mpata. Ukudziwa madala sakakamizidwa. Rekoda ikhale kuno kaye, ndagula kakhadi kena.

Ine ku benchi ndikumapita masana okha masiku ano, bizinesi yake yangoti zii. Ukapeza mafuta aja otentha opaka minofu, amene anthu amabwera nawo kuchokera kumeneko, utumize botolo limodzi kapena awiri. Ndi a amayi, msana ukuwavuta.

Limbikira sukulu. Usamadye mabanzi okhaokha.

Achimwene ako,
Rayyan

Johannesburg
10 Ogasiti 2024

Achimwene,

Assalamu alaikum. Kakhadi kafika, ndipo mafuta a amayi ndapereka kwa a Hawkins. Muwauze apume, bwalo silithawa.

Msika mwaujambula bwino kuposa momwe ndimayembekezera kwa munthu wokonza mafoni ndi mswachi. Ndinatseka maso mu situdiyo, mayi wa zitumbuwa anadutsa pafupi ndi phewa langa, ndinatsala pang'ono kumuitana. Azana itayamba ndinalira, ndisakunamizeni. Koma nyumba imene mwanditumizirayo sindikuidziwa. Kwathu sikunakhalepo chete chonchija ngakhale tsiku la Idi. Amayi amasule nkhuku, a Olive atsegule wailesi yawo.

Chimene chikundiwawa ndi china. Ndamvetsera kakhadi konse, ndipo nyundo ya ababa mulibe, ngakhale chapatali. Ndikumva ya a Raymond pa shedi yoyandikana nayo, ya ababa ayi. Mukuti ali ndi oda yambiri. Kodi mbaula masiku ano akuzikhoma ndi thonje?

Ndiuzeni zoona, achimwene. Akadali okwiya? Inu mukudziwa kuti ankafuna ndikhale namwino. Tsiku limene ndinkanyamuka anati, "Phokoso tili nalo kale pakhomo pano, laulere, iwe ukalitsatire ku Joni?" Tonse tinaseka, koma ine mawuwo ndinakwera nawo basi. Kuyambira mwezi wa Juni sanabwerenso pa foni. Ndikaimba mumati ali ku mzikiti, ali ku Limbe kogula malata, agona. Munthu mmodzi sangakhale ku mzikiti nthawi zonse, si shehe.

Ngati akuchita manyazi kuti mwana wawo akukauza alendo kuti bambo ake amakhoma zitini, muwauze kuti ine sindinachitepo nazo manyazi. Kumva ndinaphunzirira pa shedi pawo. Ndili wamng'ono ankagogoda ndowa ziwiri n'kundifunsa kuti yodontha ndi iti, ndipo ndikalondola ankandigulira chimanga chowotcha. Popanda nyundo yawo pulojekiti palibe, ndingokhala ndi msika wopanda mwini. Koma ngati sakufuna, anene okha ndi pakamwa pawo, ndisiya kuwavutitsa.

Mchemwali wanu,
Shamsa

Ndirande
27 Ogasiti 2024

Mwana wanga Shamsa,

Assalamu alaikum. Ndalemba ndekha, ukhululuke zilembo zokhota. Tili bwino, Mulungu akutisunga.

Ababa ako sanakwiye. Chotsa zimenezo mumtima. Rayyan atawawerengera kalata yako anati zichitike mawa lomwe. Ndiye kakhadi ndi kameneko. Nyundo ilimo, ndowa yathunthu, kuyambira kudula lata mpaka kuika chogwirira. Nkhuku tinamasula. A Olive anatsegula wailesi mpaka kupyola muyeso, iwenso ukadandaule wekha.

Mafuta anafika, akuthandiza. Ukapeza ena utumizenso.

Ndakuikira mtedza wokazinga ndi masamba a tiyi akuno. Usamaganize zambiri za kunyumba, maganizo amaonda nawo munthu. Chako ndi kumaliza chimene unapitira. Pa swala uziwakumbukira makolo ako.

Amayi ako,
Madina

Johannesburg
12 Seputembala 2024

Achimwene a Rayyan,

Assalamu alaikum. Kalatayi muwerenge nokha kaye.

Kakhadi katafika ndinathamangira ku situdiyo osadya n'komwe. Nyundo itangogunda pa chidutswa cha njanji chija amakhomerapo malata ndinasekerera ndekha ngati wopusa. Ndinaitana mnzanga kuti amve, ndinamuuza kuti awa ndi abambo anga. Atatuluka ndinamvetseranso, tsopano ndi makutu a ntchito, kuti ndidziwe poyambira kudula. Apo m'pamene mtima unandigwa.

Sizasi ikutoledwa kumanja. Nyundo ikaikidwa pansi, ikugwera kumanja. Mkono wa malaya umene ukukwera ndi kutsika uli kumanja. Achimwene, ababa ndi amanzere. Ndirande yonse imadziwa, anzawo pa shedi amawaitana Che Manzere. Ndiponso ababa sakhoma ali duu, amang'ung'udza kasida yawo, nyimbo yachisilamu ija imene sadziwa mapeto ake. Amene wavala timaikolofoni tanga sakuimba. Akupuma ngati munthu amene akuopa kulakwitsa, ndipo pena pamene nyundo yaphonya akumeza liwu lina limene ndimalidziwa bwino pakamwa panu.

Zikanakhala zokhazo ndikanati mwandiseweretsa, ndikanakwiya n'kuiwala. Koma pali chinanso. Kumbuyo kwa wokhomayo, chakumanzere, pansi kwambiri ngati pamkeka, pali munthu. Sakulankhula. Akupuma movutika, mpweya ukutuluka ngati mbali imodzi ya pakamwa. Ndipo akugogoda ndi chala pa kachitini, kuwiri mofulumira, kamodzi mochedwa. Kagogodedwe kameneko ndi ka ababa, ndinakula nako. Nyundo ikungotsatira pambuyo ngati mwana wophunzira kuyenda.

Ababa sanakhalepo pamkeka wina akugwira zida zawo. Inu nomwe anakukwapulani chifukwa chotenga sizasi yawo kukadulira waya.

Tsopano ndikukumbukira za mafuta a minofu, za inu kupita ku benchi masana okha, za amayi kundiuza kuti ndizikumbukira makolo pa swala. Ndikuchita mantha, achimwene. Ndinabwera kuno kudzaphunzira kumva, musanditenge ngati gonthi. Ababa atani?

Shamsa

Johannesburg
29 Seputembala 2024

Achimwene,

A Hawkins abwera chimanjamanja. Akuti munawauza kuti kalata sinathe kulembedwa. Ndikaimba foni mukudula n'kulemba kuti "onse ali bho." Amayi akuyankha moni wokha n'kunena kuti netiweki ikuvuta. Netiweki yake imavuta ndikangotchula ababa?

Ngati ulendo wotsatira a Hawkins abweranso opanda kanthu, ndikwera nawo basi yomweyo. Pulojekiti ikhale.

Shamsa

Ndirande
9 Okutobala 2024

Chemwali,

Wa alaikum salaam. Usakwere basi. Werenga kaye.

Ababa inawagwira sitiroko mu Juni, patangopita masiku ochepa chichitikireni Idi ya mbuzi. Anagwa pa shedi, a Raymond ndi amene anawanyamula. Mbali yonse yakumanzere inafooka, mkono, mwendo, ngakhale pakamwa. Anagonekedwa kuchipatala, kenako tinabwera nawo kunyumba. Mawu oyamba amene tinawamva bwino atatsitsimuka anali akuti, "Shamsa asamve." Ukudziwa mmene timachitira kuno, wa mayeso sauzidwa za matenda. Kabokosi kako kanafika iwo ali kale pamkeka.

Kalata yako ija yofunsa ngati akuchita nawe manyazi inawaliza. Sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a agogo. Anati, "Mwanayu akuganiza kuti ndamutaya." Ndiye nzeru yonse inali yawo. Anatiuza tiwanyamule ndi mkeka womwe mpaka pa shedi. Anandikhazika pampando wawo, n'kulamula kuti ndivale malaya awo a ntchito, ngati kuti makina ako amaona. Ine chikhomereni ndowa ndili Fomu 2. Iwo ankagogoda kachitini ndi dzanja lamanja, ine n'kumatsatira. Tinabwereza mpaka dzuwa linafika pamutu. Ndowa yake inatuluka yopindika, amayi akusungiramo makala.

Tinaganizira zonse, chemwali. Kuti ndisalankhule, ndisatsokomole, amayi asanditchule dzina. Za dzanja palibe anaganizako, ngakhale Che Manzere eni ake.

Kalata yako ija ya za dzanja ndinakhala nayo m'thumba osadziwa chochita, n'chifukwa chake a Hawkins anabwera chimanjamanja. Dzana ndinawawerengera. Ndimayesa akwiya. Anaseka ndi theka la pakamwa mpaka kutsamwa, n'kunena kuti, "Wamva dzanja? Ali ku Joni wamva dzanja? Ndiye kuti sukulu ya phokoso ija ndi yeniyeni." Madzulo a Raymond atabwera kudzawaona anawafotokozera, ndipo lero shedi yonse ikudziwa kuti mwana wa Che Sulaiman amamva dzanja la munthu ali kutsidya kwa malire.

Uthenga wawo ndi uwu, ndalemba momwe anenera: "Asabwere. Akabwera asanamalize, ndiye kuti ndagonera pamkeka pano pachabe. Amalize, abwere ndi pepala lake, adzandipeza." Panopa akupezako bwino. Tikumawakhazika pampando pakhonde m'mawa, phala akumwa okha ndi dzanja lamanja, ngakhale theka limathera pa malaya. Akuti rekoda isabwezedwe, tsiku lina adzavala okha timaikolofoni tako.

Ukandikwiyira sindikudabwa. Koma mvera madala.

Rayyan

Johannesburg
19 Okutobala 2024

Ababa,

Assalamu alaikum. Achimwene akuwerengereni pang'onopang'ono, asadumphe mzere.

Ndamva zonse. Ndalira, ndakwiya, ndaliranso. Miyezi yonseyi ine ndimakudandaulani kuti mwanditaya, inu muli pamkeka. Mundikhululukire mawu aja.

Ndikumverani. Sindibwera mpaka chionetsero chitatha, ngakhale mtima wanga uli kale pa siteji ya ku Ndirande. Tikiti ndagula ya pa 10 Novembala. Mundidikire, Insha Allah. Muzichita zimene adokotala akunena, musamakangane ndi amayi za mchere.

Zimene munajambula ndi achimwene ndizigwiritsa ntchito momwe zilili. Aphunzitsi anafunsa ngati ndikufuna kuchotsa kupuma kwa munthu wakumbuyoyo kuti nyundo imveke yoyera. Ndinakana. Ndinawauza kuti nyundoyo ndi yobwereka, mmisiri ndi amene ali pamkekayo.

Ndikabwera mudzandigogodere ndowa ziwiri. Ndikufuna ndione ngati ndikadatha kudziwa yodontha, ndipo chimanga chowotcha mugule ndinu.

Mwana wanu,
Shamsa

Ndirande
4 Novembala 2024

Mwana wanga Shamsa,

Assalamu alaikum. A Hawkins tawapempha kuti asakupatse kalatayi mpaka chionetsero chako chitatha, ndiponso kuti asakusiye wekha ukamawerenga. Khala pansi, mwana wanga.

Inna lillahi wa inna ilaihi rajiun. Ababa ako atisiya dzulo Lamulungu m'mawa. Loweruka masana matenda aja anabweranso, ndipo ulendo uno sanadzuke. Sanavutike nthawi yaitali. Anawasambitsa, anawaveka sanda, anawaswalira, ndipo anaikidwa dzulo lomwelo itatha swala ya Asiri, yachakumadzulo ija, monga mwa chipembedzo chathu. Ngakhale tikanakuimbira nthawi yomweyo, basi sikanakufikitsa. Ine ndinaima pa lata lako lija jeneza lonyamula thupi lawo likutuluka, mpaka amuna anakhota nalo pa golosale.

Anzawo a pa shedi sanakhome tsiku lonse. A Raymond anaika nyundo pansi, enanso onse anatsatira, Akhristu ndi Asilamu omwe. Kunali chete ngati tsiku lija ndinatsekera nkhuku.

Mawu amene Rayyan akulembere pa foni sabata ino akuti onse ali bwino, ndamutuma ndine. Abale ndawapempha kuti asaike chithunzi chawo pa foni. Ababa ako anandigwira dzanja kalekale n'kundilumbiritsa kuti chilichonse chikachitika, iwe umalize kaye. Ukafuna wokwiyira, kwiyira ine, usakwiyire mchimwene wako. Wawasambitsa ndi kuwanyamula bambo ake miyezi yonseyi.

Kalata yako anaimva. Anati aiwerenge kawiri, ndipo pa za chimanga anaseka. Mawa lake anauza Rayyan kuti awaveke timaikolofoni tija pakhonde, asindikize batani, achoke. Anakhala nato m'mawa wonse. Kakhadi kake ndi kameneka. Palibe amene wamvetsera, anati ndi kako.

Bwera bwino. Usathamange, palibenso chothamangira.

Amayi ako,
Madina

Johannesburg
9 Novembala 2024

Amayi ndi achimwene,

Wa alaikum salaam. Kalatayi ndiijambula pa foni kuti ifike ine ndisanafike, chifukwa pamaso panu sindidzatha kunena zimenezi.

A Hawkins anachita momwe munawatumira. Anabwera ku chionetsero atavala jekete, anakhala pamzere, anavala mahedifoni ngati wina aliyense. Nditaona akupukuta maso ndinayesa ndi kukoma kwa ntchito yanga. Anthu anaikonda. Pafupifupi aliyense, nyundo ili mkati, ankacheuka kuyang'ana pansi kumbuyo kwake chakumanzere, kufuna munthu amene akupumayo. Ine ndinkaseka mumtima kuti ndikawauza eni ake Lachiwiri ndikafika kunyumba. Zonse zitatha a Hawkins anandipempha kuti tikhale pabenchi panja.

Sindikukwiyirani, amayi. Mwina mkwiyo udzabwera, koma lero mulibe malo ake.

Kakhadi ndamvetsera m'mawa uno. Munati palibe wamva, ndiye ndikuuzeni zimene zilimo. Munthu akavala timaikolofoni tija n'kulankhula, mawu ake samveka kumanja kapena kumanzere, amamveka mkati mwa mutu wa womvetsera. Izi ndinaphunzira chaka choyamba, ndinalembapo mayeso. Koma sindinakonzeke. Ndinangomva mkati mwanga, ndi lilime lolemera, "Shamsa. Akuti ukavala izi ulowa m'mutu mwanga. Pepa, muli fumbi."

Kenako anayamba kundionetsa pakhomo ngati mlendo. "Uyo kumanjako ndi mayi ako, amasesa ngati akukangana ndi nthaka. Uyo ndi Raymond, akuthamanga nayo nyundo, n'chifukwa chake ndowa zake zimadontha, usamuuze. Ine nyundo yandikana. Koma makutu alipo, ndipo iwe unatengera ine, osati anamwino." Kenako anati, "Usafulumire kubwera. Kuno kulibe chachilendo. Maliza." Anayesa kung'ung'udza kasida yawo ija, inawathera panjira monga mwa nthawi zonse.

Ndinkayesa kuti zathera pomwepo, koma rekoda inali ikujambulabe, ndipo ndikuganiza kuti anaiwala kuti avala kanthu m'makutu. Amayi, wovala timaikolofoni akatembenuza mutu, dziko lonse limatembenuka naye. Ndinamva lata lapangalande likulira chakumanzere, munthu waponda. Nthawi yomweyo tsache lanu linachoka kumanja n'kupita kumbuyo kwanga, ndipo lata linabwera kutsogolo. Anatembenuka kuyang'ana kunjira. Anasiya kupuma. Mapazi anadutsa, anali a mwana wopita ku mpopi, ndipo tsache linabwerera kumanja pang'onopang'ono. Patapita kanthawi lata linaliranso, dziko linatembenukanso. Wogulitsa makala. Kenako a Olive. Kenako wina wokoka chikwama cha matayala, ndipo pamenepo mpando unalira ngati akufuna kudzuka.

M'mawa wonse anachita zimenezo. Palibe amene anaponda lata lija iwo osacheuka. Pakamwa anandiuza kuti ndisabwere, ndipo ine ndinamvera pakamwa, ine amene ndinamva dzanja ndili ku Joni. Zikundiwawa, amayi, zikundiwawa kwambiri.

Basi inyamuka mawa m'mawa. Achimwene musadzandichingamire ku depoti, ndidzakwera minibasi, ndikufuna ndidzatsike pa siteji n'kuponda lata lija ndekha. Mpando wawo musauchotse pakhonde.

Ndine mwana wanu,
Shamsa